Apongozi anandilira maliro ndili moyo

Fodya ndinamuphunzira pabwato, usiku, tikupha usipa ku Senga Bay. Mwera ukayamba cha mu Juni kuzizira kumafika m'mafupa, ndipo asodzi onse amalumbira kuti chingambwe chimatenthetsa thupi. Zausodzi ndinasiya kalekale, pano ndimagula usipa n'kuyanika pathandala kukagulitsa ku Lilongwe, koma fodya ndinabwera naye kumtunda. Ndinangokwera giredi, kuchoka popichira papepala la kope kufika pa ndudu za m'paketi.

Kusiya ndinayesa. Maswiti, mtedza, nzimbe mpaka chibwano kuwawa. Namwino wina atamva mmene ndimatsokomolera anandiuza kuti chikonga chimafika ku ubongo m'masekondi ochepa chabe, komanso kuti bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse. Ndinachita mantha kwambiri moti potuluka pageti ndinayatsa imodzi kuti mtima ukhale pansi.

Ndiye kunabwera mwana wa mlongo wanga patchuthi, uja amaphunzira ku Lilongwe.

"Amalume, pali njira ina, amati hypnosis. Simumwa chilichonse, palibe kutema mphini. Mumangogona chagada n'kumamvera mawu, maganizo n'kusintha okha."

"Si zaufiti zimenezo?"

Anaseka. Akuti anazitchukitsa ndi dokotala wina, James Braid, wa ku Scotland kwawo kwa Livingstone, m'zaka za m'ma 1840. Wina wa ku America, Herbert Spiegel, anadzakonza mfundo zitatu za osuta: fodya ndi poizoni m'thupi langa, thupi langa ndikulifuna kuti ndikhale ndi moyo, ndiyenera kulilemekeza. Mnyamatayo sanandibisire kuti akafukufuku sanapeze umboni wogwira mtima woti njirayi imaposa uphungu wamba. "Koma ndi yaulere, amalume. Mungogula bandulo." Mawu akuti yaulere ndi amene anandigonjetsa.

Vuto linali lakuti zimene anatsitsa pa YouTube zinali m'Chingerezi, mayi wina akunong'ona mochita kutafuna mawu. Chingerezi changa ndi chotsatsira nsomba kwa azungu apagombe. Choncho anajambula mawu akeake pafoni m'Chichewa, ataima m'mbali mwa nyanja kuti mafunde azimveka. Pamene mayi uja ankati ukutsika masitepe, iye anasintha kuti ukutsetserekera kudoko, poti nyumba yathu ilibe masitepe. Anaikamonso zoti ndudu izindinunkhira ngati usipa wovunda. Apa ndinakana, chifukwa ine fungo la usipa wovunda limandikumbutsa ngongole, ndipo ngongole ndi imene imandisutitsa. Anati ndisasokoneze sayansi.

Linali Loweruka masana, mu Okutobala, dzuwa la ku Salima likuswa mtengo. Mayi akunyumba anali atapita kumsika ku Kamuzu Road, katswiri wanga anathawira kukaonera mpira. Ndinayala mphasa pakhonde, mahedifoni m'makutu, manja pachifuwa monga anandilangizira. Koma pakhomo poyanika nsomba ntchentche sizisowa. Ndinatenga chitenje cha mayi n'kudzifunda kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Miyendo yanu ikulemera... manja akulemera... phokoso lililonse lakunja likungokulowetsani mkati..."

Anandichenjeza kuti zimenezi si tulo, munthu amakhala akumva zonse. Iye sankadziwa kuti ndinali nditamenya mitanda ya nsima ya utaka.

Nthawi yomweyo ndi imene apongozi anatsika pakabaza kuchokera kusiteji, ulendo wochokera ku Nkhotakota ndi thumba la mpunga, osaimba foni n'komwe. Akuti anaodira katatu. Ataona chinthu chitawongoka pamphasa, chofundidwa mpaka kumutu, ntchentche zikuzungulira, anaima patali. Mkamwini sagwidwa ndi apongozi ake, ndiye anatuma wakabaza kuti andigwedeze. Mnyamatayo anangondigunda chala chakuphazi ndi kamtengo, n'kuvula chipewa.

"Mayo ine! Mkamwini wanga ine! Fodya uja wamutenga!"

Kulirako ndinakumva ndithu, koma chapatali, kusakanikirana ndi mafunde. Mumtima ndinati mwanayu ndi waluso, waikamo mpaka maliro kuti andiopseze. Ndinapumira m'mwamba mwakachetechete n'kupitiriza kutsetserekera kudoko.

Zimene zinkachitika kunjaku ndinauzidwa pambuyo pake. Amayi oyandikana nafe anadzaza pabwalo, ena atayamba kale nyimbo. Anyamata anathyola masamba n'kuika pamsewu. Wina anathamangira kwa anyakwawa. Mkulu wina amene ndimamufuna ndalama za zigoba ziwiri za usipa ndiye ankalira kuposa onse, akuuza anthu kuti tinali titamalizana dzulo lake.

M'makutu mwanga mawu anasintha. "Ndikawerenga mpaka 5 mudzuka muli ndi mphamvu, mukumwetulira, ndipo munene mokweza mfundo yachiwiri ija. 1... 2... 3... 4... 5!"

Ndinadzuka n'kukhala tsonga, chitenje chikadali kumutu, n'kukuwa ndi mawu onse: "Thupi langa ndikulifuna!"

Sindinaonepo anthu akuthamanga chonchija. Wakabaza anasiya njinga. Amayi a nyimbo anagwetsa thandala langa, usipa mbwee mumchenga. Apongozi anafuna kudumpha thumba lawo la mpunga koma thumba linakana, anangogwerapo chafufumimba n'kutseka maso, akupemphera. Panatsala munthu mmodzi yekha, agogo ena a kuseri kwathu amene bondo linawafera kale. Anandiyang'ana, manja akunjenjemera, n'kutulutsa chingambwe kukhutu. Machesi anathyoka awiri asanayatse. Anakoka kamodzi, kenako anandilozetsa atatambasula mkono wonse.

"Achimwene, mzukwa susuta. Ngati ndinu munthu, kokani tione."

Ndinayang'ana anthu akusuzumira kuseri kwa mipanda, ena atatola miyala. Ndinakoka. Nditatsokomola chifuwa changa chodziwika chija, mudzi wonse unati, "Ndi yemweyo!"

Mawa lake tinaitanidwa kubwalo. Mlandu unali woti maliro analiridwa mfumu isanauzidwe, ndipo pamafunika nkhuku. Apongozi anati iwo ndi mlendo. Wakabaza anati iye anangovula chipewa chifukwa cha thukuta. Onse analoza ine, amene tsopano ana amandipatsa moni wakuti "Mwadzuka bwanji amalemu?" Ine ndinaloza mwana wa mlongo wanga, iye analoza foni.

Anyakwawa anati umboni uyenera kumvedwa ndi khutu lawo. Anavala mahedifoni, anatsamira mtengo wa mango, anapinda manja pamimba. Tinadikira. Nduna inatsokomola, inatsokomolanso. Pasanathe mphindi 10 bwalo lonse linkangomva mkonono, ndipo popeza palibe amene akanalimba mtima kudzutsa mfumu, mlandu anauimitsa mpaka Lachitatu.