Zitunda 27 pa tsiku limodzi

Usiku woti mawa tinyamuka ndinayala mapu patebulo n'kuyamba kulondola msewu ndi chala. Makilomita 96, kuzungulira n'kudzathera pomwe tayambira. Phiri panalibe ngakhale limodzi. Malo okwera kwambiri pa njira yonseyo ankaposa malo otsika kwambiri ndi mamita osakwana 200, moti mumtima ndinati dzuwa likamafika paliwombo tikhala titabwerako. Mnzanga amene ndinkapita naye, bambo wachikulire amene wakhala akupalasa njinga zaka zoposa 30, anangoyang'ana mapuwo kamodzi n'kuloza timizere tabuluu todula msewu wathu.

"Tawerengani mitsinjeyi, achimwene," anatero. "Uliwonse timautsikira, ndipo tikawoloka tiyenera kukweranso."

Ndinayamba kuwerenga koma ndinalekera panjira, chifukwa ndinkaona ngati akuluwo akungofuna kundiopseza.

Tinanyamuka m'bandakucha. Amene sanapalasepo m'dziko la zitunda nthawi imeneyi sadziwa kuti mpweya uli ndi malire ake. Pamwamba pa chitunda pamakhala potenthera, koma ukangotsetsereka kulowa m'chigwa, kuzizira kumakumenya kumaso ngati waviika mutu m'madzi, poti usiku mpweya wozizira umatsikira kumunsi n'kukagona m'madambo. Nkhungu inali itayala m'zigwa zonse, nsonga za mitengo zokha zikuoneka. Pa mlatho woyamba zala zinachita dzanzi pa mabuleki. Patangopita mphindi zitatu ndinali nditamasula kale zipi ya jekete, thukuta likuyenderera kumsana.

Zitunda zoyambirira ndinazikwera mwamphamvu. Ndikaona msewu wayamba kudzuka, ndinkaimirira pa mapedulo, giya ili yolemera yomweyo, n'kuthamangira pamwamba. Zinkakoma. Chitunda chilichonse chinali chachifupi, mwina mamita 500, mwina 800, ndipo pamwamba pake pankaoneka ndili m'munsi. Kuoneka kumeneko ndiye msampha wake. Phiri lalitali limakuuziratu kuti usunge mphamvu, pomwe kachitunda kamakukopa kuti bwera, ndatha kale. Ukafika pamwamba wefuwefu umapeza kuti kutsogolo kuli kena, kenanso kuseri kwake, ndipo mtsetse wa pakati pake sukwana n'komwe kuti mtima ukhale pansi.

Pa chitunda chachisanu ndi chimodzi miyendo inalemera ndili pakatikati. Ndinakankha chosinthira giya kwinaku ndikuponda ndi mphamvu zonse, tcheni inalira kuti khwetche, n'kudumpha mano awiri, ndipo phazi linatsala pang'ono kupulumuka. Akuluwo anandipeza akupalasa phee, atakhala pachishalo, miyendo ikungozungulira mopepuka.

"Giya amasintha chitunda chisanakugwire," anatero osaima. "Ndipo posinthapo muzifewetsa phazi pang'ono, tcheni ipeze mpata wokwera."

Kuyambira pamenepo ndinakhala kumbuyo kwawo n'kumaonerera. Potsika sankagwira mabuleki pachabe. Chakumunsi kwa mtsetse ankapondako pang'ono kuti liwiro liwakweze gawo loyamba la chitunda chotsatira. Liwiro likayamba kutha ankatsitsa giya imodzi, kenako ina, kenako ina, miyendo ikuzungulirabe pa mlingo womwewo, maulendo 80 kapena 90 pa mphindi. Chimene chinandidabwitsa kwambiri n'choti akafika pamwamba sankaleka kupalasa. Ankapondanso kasanu kapena kakhumi mpaka njinga itayamba kutsika yokha. Ambirife timapumira pamwamba penipeni, njinga ikuyenda ngati nkhono, ndipo pamenepo m'pamene nthawi imatayikira.

Njinga yanga ili ndi magiya awiri kutsogolo, ya mano 50 ndi ya mano 34, ndipo kumbuyo amayambira pa mano 11 mpaka 32. Tcheni ikakhala pa 50 ndi 11, kuzungulira kamodzi kwa mapedulo kumandipititsa mamita oposa 9. Ikakhala pa 34 ndi 32, ndimangoyenda mamita awiri ndi pang'ono. Pa msewu wosalala munthu atha kutha tsiku lonse akugwiritsa magiya atatu okha. Kuno ndinawagwira onse, ndipo chala sichinapume. Ndikaganiza kuti opikisana mu Tour de France, mpikisano waukulu wa njinga wa ku France, anawalola kugwiritsa ntchito chosinthira magiya chotere mu 1937, mpikisanowo utachitika kale kuyambira 1903, ndimawapatsa ulemu anthu akale aja.

Tinaima pa kilomita 45, pansi pa mtengo waukulu m'mbali mwa munda. Ng'ombe zitatu zinabwera pafupi ndi mpanda kudzatiyang'ana, imodzi ikubzikula, makutu akuthamangitsa ntchentche. Ndinayang'ana kamakina ka pahandulo ndipo sindinakhulupirire: liwiro lathu lapakati linali makilomita 19 pa ola, chonsecho potsika ndinkaona 50 ndi kupitirira. Akuluwo anatola kamtengo n'kulemba masamu pansi. Kukwera kilomita imodzi pa liwiro la 10 pa ola kumatenga mphindi 6. Kutsika kilomita yomweyo pa liwiro la 40 kumatenga mphindi imodzi ndi theka. Makilomita awiri m'mphindi 7 ndi theka, ndiye kuti 16 pa ola, osati 25 monga mutu umafulumirira kuganiza. Nthawi imene chitunda chakulanda, mtsetse subweza yonse. Chinanso, liwiro likawirikiza kawiri, mphepo imakukankha mowirikiza kanayi, choncho mphamvu zambiri zimene wakwera nazo zimathera m'mphepo potsika.

Masamu amenewa anandikumbutsa mpikisano wa Liège–Bastogne–Liège ku Belgium, umene unayamba mu 1892. Dziko lonse la Belgium lilibe malo opitirira mamita 700 kuchokera pa nyanja, koma opalasa mumpikisanowu amakwera mamita oposa 4,000 pa tsiku limodzi, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 250. Ku Netherlands, dziko lodziwika ndi kusalala, mpikisano wa Amstel Gold Race, umene unayamba mu 1966, umazungulira m'zitunda za ku Limburg ndipo amakwera maulendo oposa 30. Ndinkadziwa zimenezi kalekale, koma ndinali ndisanazimve m'ntchafu.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna aliyense wokonza ulendo wotere achisunge. Malo oopsa kwambiri ali pansi pa mtsetse, pomwe liwiro lafika pachimake. Pamenepo ndi pamene madzi a mvula amasiya mchenga ndi timiyala pa phula, ndi pamene pali kamlatho kopapatiza, ndipo kawirikawiri msewu umakhota kuti ulunjike mlathowo. Pa kilomita 58 tayala langa la kumbuyo linaterereka pa mchenga wotere. Sindinagwe, koma mtima unagunda mpaka m'makutu. Mabuleki agwireni msewu ukadali wowongoka, musanalowe pokhota. Pamwamba pa chitunda napo musatayirire, khalani m'mbali mwanu, chifukwa woyendetsa galimoto amene akukwera kuchokera kuseri sakuonani mpaka atafika. Thirakitala ina inatulukira motero, itadzaza msewu wonse, ndipo tinaimva kulira isanaoneke.

Njala inandigwira pa kilomita 70. Si njala ya m'mimba ayi. Miyendo imangokhala ngati ya munthu wina, maso amachita chidima, ndipo kachitunda kamene m'mawa ukanakakwera ukucheza kamasanduka khoma. Shuga amene thupi limasunga m'minofu ndi m'chiwindi amatha pakadutsa maola awiri kapena kuchepera apo ngati ukugwira ntchito yolimba, ndipo ine ndinali nditamuwotcha pa zitunda za m'mawa zija. Kamba ndinali naye m'thumba la kumsana, koma ndinkadikira kuti ndimve njala kaye. Akuluwo anandikhazika pa udzu, nandiuza kuti ndidye pang'onopang'ono ndi kumwa madzi. Ali chiimire anatchula Paul de Vivie, Mfalansa wa ku Saint-Étienne amene ankadziwika ndi dzina loti Vélocio, yemwe analimbikitsa kwambiri maulendo ataliatali a panjinga mpaka imfa yake mu 1930. Mwa malangizo ake, lodziwika kwambiri ndi loti munthu adye asanamve njala ndipo amwe asanamve ludzu.

Titanyamukanso mphepo inali itatembenuka, ikuomba kumaso. "Gwirani tayala langa, achimwene, musalisiye," anatero. Ndinakhala kumbuyo kwawo, mpata wa pakati pathu wosakwana mita imodzi, maso ali pa msana wawo, ndipo ntchito inapepuka moti ndinayambanso kuona zimene tikudutsa. Makilomita khumi otsatirawo sitinalankhule.

Anthu ena amati njira ya zitunda n'njotopetsa chabe, ilibe ulemerero wa phiri ndiponso ilibe mtendere wa chigwa. Ine sindivomereza. Pa msewu wosalala umaona chinthu chili kutali n'kumachiyandikira kwa theka la ola. M'zitunda dziko limabisala. Ukukwera umangoona phula ndi thambo, ndiye ukangotulukira pamwamba, chigwa chonse chimatseguka nthawi imodzi: munda wolimidwa kumene wa dothi lakuda, mzere wa mitengo wolondola mtsinje, denga limodzi likunyezimira, ndi msewu wako womwe ukukwera tsidya linalo ngati ulusi. Ukatsika zonsezo zatha, ndipo chitunda chotsatira chimakupatsa zina. Tsiku limenelo zinandichitikira maulendo 27, ndipo panalibe chigwa chofanana ndi chinzake.

Chitunda chomaliza chinali chotalikirapo, choposa kilomita imodzi, ndipo chakumapeto chinkakwera mamita 9 pa mamita 100 alionse. Ndinatsitsa giya ndisanachiyambe. Ndinakhala pachishalo, manja pamwamba pa handulo, ndikupuma motsatana ndi mapazi. Tcheni inafika pa 34 ndi 32 popanda phokoso. Ndinkamva matayala akunong'ona pa phula ndi mbalame ina ikulira m'tchire kumanzere. Pamwamba ndinapondanso kakhumi monga ndinaonera, kenako ndinaima poti akuluwo anali ataima.

Kamakina kanaonetsa kuti takwera mamita 1,410 onse pamodzi. Dzuwa linali litapendeka. Titacheuka, zitunda zimene tinadutsa zinali zitandandalikana kumbuyo kwathu, zapafupi zobiriwira, zapakati zotuwa, zakutali zitasungunukira m'thambo. Akuluwo anamwa madzi otsala m'botolo, nalibwezera pa felemu, n'kuloza chakumadzulo kumene kamsewu kena kankapatukira m'chigwa chimene sitinalowemo.

"Uko kuli mitsinje 11," anatero. "Loweruka likubwerali muli ndi mpata?"