Zimene phazi langa lamanzere landiphunzitsa posankha galimoto

Lachiwiri lina m'mawa ndinaganiza zowerenga kuti phazi langa lamanzere limaponda kilachi kangati kuchokera pakhomo kukafika kuntchito. Ulendowu umatenga mphindi 40 msewu ukathithikana, ndipo theka la nthawi imeneyi ndimakhala pamzere wa magalimoto, kusuntha pang'ono, kuima, kusunthanso. Ndinawerenga chamumtima mpaka kupitirira 150, kenako basi ina inalowerera kutsogolo kwanga, chiwerengero n'kusokonekera pomwepo. Nditafika ndinalemba nambala ija m'kope limene ndakhala ndikulembamo za magalimoto kwa miyezi iwiri tsopano. Bondo linkawawa pang'ono monga mwa masiku onse, koma tsiku limenelo ndinadziwa chimene chimaliwawitsa.

Kopeli ndinaliyamba chifukwa ndikufuna kugula galimoto yangayanga yoyendera tsiku ndi tsiku. Chitengereni laisensi ndakhala ndikuyendetsa ya amalume, yaing'ono, ya manual, ya magiya asanu. Nditawauza kuti ndikuganizirako za automatic, anapukusa mutu.

"Mphwanga, galimoto ndi ya manual. Batire likafa umangoikankha n'kulira. Makaniko aliyense amaidziwa. Mafutanso siidya ngati zinazo."

Amalume ayendetsa galimoto zaka zochuluka kuposa zanga zakubadwa, ndiye mawu awo sindikanawataya. Ndinawalemba patsamba loyamba kuti ndifufuze mfundo iliyonse payokha.

Phunziro lenileni linayambira ku galaja. Loweruka lina ndinapempha amakaniko amene amatikonzera galimoto kuti ndikhale pambali pamene akugwira ntchito. Anali atatsitsa giyabokosi ya galimoto ina, ndipo anandiika m'manja chimbale cha kilachi chimene anachotsamo. Chinali chitaperepeseka mbali zonse ziwiri mpaka timisomali togwirira titayamba kuonekera, chikununkha fungo la chinthu chopserera, ndipo chinandisiyira fumbi lakuda m'zala.

"Achemwali, ichi sichinathe ndi maulendo ataliatali ayi," anatero. "Chatha ndi phazi. Mwiniwake amaima pachitunda ndi kilachi m'malo mwa buleki."

Atandifotokozera m'pamene ndinamvetsa chinthu chimene kusukulu yoyendetsa galimoto ndinkangochita osachidziwa. Injini ikalira siyenera kuleka kuzungulira. Ngakhale galimoto ili chiimire, injini imazungulirabe maulendo pafupifupi 700 kapena 800 pa mphindi, ndipo ikatsika kwambiri imazima. Koma matayala ayenera kuima ndithu pamaloboti. Choncho pakati pa injini ndi matayala pamafunika malo amene ziwirizi zingasiyane, n'kudzagwirananso pang'onopang'ono ponyamuka. Penapake payenera kuterereka. Mu manual chimaterereka ndi chimbale chija, chimene chimapanikizidwa pa flywheel, gudumu lolemera lachitsulo lozungulira limodzi ndi injini, ndipo amene amalamula kuti chiterereke motani ndi phazi la woyendetsa. Nthawi iliyonse ndikanyamuka pa giya yoyamba, kwa kamphindi chimbalecho chimakhuzika, chimatentha, chimataya kafumbi. Ndikaika giya yachisanu pamsewu wotakasuka n'kuchotsa phazi, chimagwira nganganga, ndipo ndingayende maola atatu osachidya n'komwe. Apa m'pamene nambala yanga ya 150 inayamba kundiuza kanthu: msewu wanga wa tsiku ndi tsiku ndi wa kunyamuka ndi kuima kokhakokha.

Mu automatic yodziwika kwambiri, ntchito imeneyi imagwiridwa ndi torque converter, chitsulo chozungulira chodzaza oyilo. M'kati mwake muli magudumu a mapiko oyang'anizana. Loyamba limazunguliridwa ndi injini n'kumaponya oyilo mwamphamvu, ndipo oyiloyo akamenya mapiko a lachiwiri, nalonso limazungulira n'kupereka mphamvu ku giyabokosi. Pakati pawo pali lachitatu laling'ono, limene limabweza oyilo m'njira yowonjezera mphamvu ponyamuka. Magudumuwa sakhudzana. Mukaponda buleki, lachiwiri limaima, loyamba likuzungulirabe, ndipo kuterereka konse kumachitikira mu oyilo. N'chifukwa chake galimoto yotere siizima pamzere, komanso mukangochotsa phazi pa buleki imayamba kukwawa yokha. Kutentha kulipobe, kungoti kumalowa mu oyilo, ndipo oyiloyo amakazizira ku chozizitsira chake. Tsamba limeneli ndinalijambula kawiri m'kope mwanga ndisanalimvetse bwino.

Powerenga mbiri yake ndinapeza chinthu chimene chinandisangalatsa. Magalimoto akale kwambiri ankafuna luso lalikulu posintha giya, chifukwa woyendetsa ankayenera kufananitsa yekha liwiro la injini ndi la magiya, apo ayi mano a zitsulo ankakukutana. Munthu wina wa ku America dzina lake Earl Thompson ndiye anapanga synchromesh, timphete timene timafananitsa liwirolo giya isanalowe, ndipo Cadillac inayamba kuigwiritsa ntchito mu 1928. Thompson yemweyo ndi amene anadzatsogolera gulu la akatswiri a General Motors pa ntchito imene inabala Hydra-Matic, automatic yoyamba kupangidwa yambirimbiri, imene inatuluka m'magalimoto a Oldsmobile a 1940. Ndiye kuti manual imene ndimayendetsa leroyi nayonso inapeputsidwa kale, ndipo woipeputsa wake ndi yemwe uja anayambitsa inzakeyo. Nditadziwa zimenezi, maganizo oti kuyendetsa automatic n'kuthawa ntchito anandichokeratu.

Za mafuta zija, amalume ananena zoona za nthawi yawo. Ma automatic akale anali ndi magiya atatu kapena anayi okha, ndipo oyilo uja ankaterereka ulendo wonse, mphamvu ina n'kumatayika ngati kutentha. Kenako opanga anaika kakilachi m'kati mwa torque converter, kamene kamamanga mbali ziwirizo kukhala chimodzi galimoto ikatenga liwiro. Magiya nawonso anachuluka. Kampani ya ku Germany ya ZF inatulutsa giyabokosi ya magiya 8 mu 2008, ndipo Ford ndi General Motors anapangira limodzi ya magiya 10 imene inalowa m'magalimoto a 2017. Magiya akachuluka, kompyuta ya galimoto imatha kusunga injini pamalo amene imadya mafuta ochepa, mwina kuposa mmene ambirife tingachitire ndi dzanja. Pa magalimoto atsopano kusiyana kwa mafuta n'kochepa, ndipo nthawi zina automatic ndiyo imapambana. Koma amene akugula galimoto yakale ya magiya anayi adziwe kuti mfundo ya amalume ikadali yamoyo kwa iye.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri n'chakuti dzina loti automatic likuphimba makina osiyana kwambiri. Onse ali ndi zopondera ziwiri ndi zilembo P, R, N ndi D, koma m'mimba mwawo si amodzi. Pali CVT, imene ilibe magiya owerengeka. Ili ndi lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri, magudumu oyendapo lamba, amene amakula ndi kuchepa. Nzeru imeneyi inaonekera m'kagalimoto ka DAF 600 ka ku Netherlands mu 1958, pamenepo malamba ake ali a labala, ndipo lero ili m'magalimoto ang'onoang'ono ambiri. Imasunga mafuta, koma imafuna oyilo wakewake ndipo siikondwa ndi kukoka katundu wolemera. Palinso ya makilachi awiri, imene Volkswagen inaitchukitsa mu 2003 ndi dzina loti DSG. Imeneyi ndi ngati ma manual awiri m'bokosi limodzi, kompyuta n'kumaponda makilachi m'malo mwa phazi. Imasintha giya mothamanga zedi. Koma ina mwa mitundu yake ili ndi makilachi ouma, osamizidwa mu oyilo, ndipo pokwawa pamzere wautali amakhuzika ndi kutentha ngati chimbale chimene ndinagwira ku galaja chija. Ndikanagula yoteroyo, bondo langa likanapuma, koma vuto la msewu wanga likanangosamukira kumene sindikuliona. Funso lofunsa wogulitsa tsopano ndikulidziwa: ndi automatic ya mtundu uti?

Pali zina zimene amalume sindingawatsutse. Automatic ya masiku ano simungailize poikankha, chifukwa pampu ya oyilo wa giyabokosi imayendetsedwa ndi injini, ndipo injini ikakhala chete palibe chogwirizanitsa matayala ndi injiniyo. Pa chifukwa chomwechi, kuikoka mtunda wautali matayala oyendetsa ali pansi kungaononge giyabokosi, popeza zitsulo zikuzungulira popanda oyilo wozifewetsa. Giyabokosi ya manual ili ndi zinthu zochepa zoti zingafe, ndipo chimbale cha kilachi chikatha mumasintha n'kupitiriza. Ya automatic ikaonongeka m'kati imafuna katswiri wake ndi zida zake, ndipo ntchitoyo ndi yaikulu. Amakaniko anandiuza kuti zambiri zimene amaziona zitafa ndi zimene eni ake sanasinthepo oyilo wa giyabokosi chigulireni. Amene amayenda maulendo aatali m'misewu yopanda anthu, kutali ndi thandizo, ali ndi zifukwa zomveka zokondera manual, ndipo ine ndikanakhala iye ndikanasankha yomweyo.

Ndikuthokozanso kuti mayeso ndinalembera pa manual. M'mayiko angapo, monga Britain ndi South Africa, amene wakhoza mayeso pa automatic laisensi yake imamulola automatic yokha, pamene wa manual amayendetsa zonse ziwiri. Kuwonjezera apo, manual inandiphunzitsa kumvera injini. Ndimadziwa kulira kwake ikalemedwa, ndimadziwanso kuti potsetsereka patali umatsitsa giya kuti injini ithandize kugwira galimoto, chifukwa mabuleki ukawaponda osalekeza amatentha n'kufooka. Ambiri oyendetsa automatic sadziwa kuti chilembo L, kapena nambala 2, kapena kachizindikiro kochotsera kamene kali pambali pa D, anaziikira ntchito yomweyi.

Sabata yatha mnzanga wa kuntchito anandibwereka galimoto yake ya automatic kwa masiku atatu. Tsiku loyamba, ndikuyandikira chipata pang'onopang'ono, phazi lamanzere linanyamuka lokha kukafuna kilachi, n'kupeza m'mphepete mwa buleki, imene pa automatic ndi yotakata. Linaponda ndi mphamvu yonse imene linazolowera. Galimoto inaima nji, chikwama chimene chinali pampando chinagwera pansi, lamba n'kundikoka pachifuwa. Mwayi kumbuyo kunalibe wina. Mtima unagunda kwa nthawi ndithu. Kuyambira pamenepo phazilo ndinalipinda n'kulibweza pafupi ndi mpando mpaka litazolowera kuti lilibe ntchito. Ndikulemba izi kuti aliyense wochoka ku manual ayambire pamalo opanda anthu, chifukwa thupi limakumbukira zimene mutu waiwala kuliuza.

Ndinaphunziranso kuti P si buleki. Ndi kachitsulo kakang'ono kamene kamakola dzino la gudumu m'kati mwa giyabokosi. Poimika pachitunda uyenera kukoka handibuleki phazi likadali pa buleki, kenako n'kuika P, kuti kulemera kwa galimoto kusatsamire pa kachitsuloko. Ndipo suika P kapena R galimoto isanaimiretu.

Tsiku lachitatu ndinadutsa msewu wanga uja nthawi yomweyo ya m'mawa. Mzere unali womwewo, kusuntha ndi kuima komweko. Koma manja onse awiri anali pa chiwongolero, ndipo maso anali ndi mpata. Ndinaona wanjinga akubwera kumbali kudzera pagalasi nthawi ikadalipo, ndinaona mwana wasukulu akufuna kudumpha msewu pakati pa magalimoto awiri. Pa manual, nthawi ngati imeneyi gawo lina la mutu wanga limakhala lili kuphazi, kuopa kuzimitsa injini kapena kubwerera m'mbuyo pachitunda. Ndinaonanso choopsa chake, ndipo sindichibisa: dzanja limene lapuma limalakalaka foni, ndipo kawiri konse ndinalipeza likulowera kumeneko. Foniyo tsopano imakhala m'chikwama, chikwamacho kumpando wakumbuyo. Nditafika kuntchito ndinatsika bondo lili bwinobwino.

Manual ndidzaisowa. Msewu ukatseguka, kuchoka pa giya yachitatu kupita yachinayi panthawi yake yeniyeni, galimoto osagwedezeka n'komwe, kumandipatsa chimwemwe chimene automatic sinandipatse m'masiku atatu aja. Koma msewu wotere ndimauyenda mwina kamodzi pamwezi, pamene wa mzere uja ndimauyenda kawiri patsiku, masiku asanu pasabata. Nditaika ziwirizi pamodzi m'kope, ndinasankha automatic ya torque converter, ya magiya osachepera asanu kapena asanu ndi limodzi, yokhala ndi umboni woti oyilo wa giyabokosi ankasinthidwa.

Pali ina imene ndaiona, ndipo Loweruka likubwerali tikukaiyesa ndi amakaniko. Andiuza zoti ndikayang'ane ndekha: ngati ili ndi kachitsulo koyezera oyilo wa giyabokosi, ndikapukute pa nsalu yoyera, ndione ngati ndi wofiirira bwino kapena wada, ndinunkhizenso ngati akumveka kupserera. Kenako ndikaike D ndi R injini ikadali yozizira, ndimve ngati giya ikulowa msanga popanda kugunda. Amalume nditawafotokozera zonsezi anakhala chete pang'ono, kenako anati nawonso apita nawo.

"Ndikufuna ndikaikweze chitunda ndekha, mphwanga, ndimve mmene ikusinthira."