Tekken 3 pa PlayStation yakale: masabata 6 ndili ndi Paul

Papita masabata 6 chibwerereni PlayStation ija kunyumba kuno, ndipo dzulo madzulo ndi pomwe ndinagonjetsa mwana wa achemwali anga maulendo atatu otsatizana pa Tekken 3 osagwirako Eddy, womenya wosavuta kusewera naye uja, ngakhale kamodzi. Ndalemba tsikuli kumbuyo kwa kope langa chifukwa ndi chimene ndinkafuna kuyambira tsiku loyamba.

Kwa amene simunawerenge zomwe ndinalemba poyamba, makinawa ndi aja otuwa, a chivindikiro chozungulira, amene achimwene anabwera nawo kuchokera ku Johannesburg atawapeza pa msika wa zinthu zakale. Anabwera ndi mapadi awiri, memory card imodzi ndi zimbale zinayi. Zitatu ndinaziika m'kabati. Chachinayi, chakuda kunsi kwake monga zimbale zonse za PlayStation yoyamba, ndi Tekken 3, gemu ya kampani ya Namco yomwe inayamba m'makina oponya ndalama mu 1997 n'kufika pa PlayStation mu 1998.

Gemuyi ndinaidziwira m'kachipinda kena ka malata kuseri kwa msika ku Kawale, komwe tinkalipira kuti tikhale pa benchi mphindi zochepa. Wogonja ankapereka padi kwa wotsatira pamzere. Pamenepo panalibe nthawi yophunzira. Aliyense ankathamangira Eddy Gordo, n'kumadina X ndi O mosinthanasinthana, miyendo ya capoeira ija n'kumazungulira mpaka wina agwe. Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti Tekken 3 ndimaidziwa. Ndazindikira kuti ndinkadziwa mabatani awiri mwa anayi.

Mabatani anayiwa ndiwo maziko a zonse. Lililonse ndi chiwalo chimodzi cha thupi: la bokosi ndi dzanja lamanzere, la triangle ndi dzanja lamanja, X ndi mwendo wamanzere, O ndi mwendo wamanja. Ukangozigwira zimenezi m'mutu, zala zimayamba kuganiza ngati thupi la munthu womenyanayo. Ndinasankha Paul Phoenix, wa tsitsi loimirira ngati tsache uja, chifukwa zomenya zake si zambiri kuyerekeza ndi za King kapena Lei, koma iliyonse ikalowa imamveka.

Masabata awiri oyamba ndinathera pa nkhonya imodzi yokha. Umatsitsa chala pansi, n'kuchikokera pansi cha kutsogolo, kenako kutsogolo, n'kudina triangle. Paul amaponya phazi kutsogolo n'kukhoma pamimba, mdani n'kugubuduzika mpaka kutali, mzere wa moyo wake utadyeka kwambiri. Pa padi ya PlayStation, yomwe mivi yake inayi ndi yopatukana, chala chachikulu chimakodwa pakati. Ndikaima kumanzere kwa TV inkatuluka bwino, koma ndikaima kumanja inkakana, mwina maulendo 3 pa 10 aliwonse ndi pomwe imatuluka. Ndinalowa mu Practice madzulo aliwonse, n'kuiponya ka 50 ndili mbali yovutayo ndisanadye nsima. Pano imatuluka ka 9 pa 10 mbali zonse. Chala chinachita thuza sabata yachiwiri, kenako chinalimba.

Koma nkhonyayo si imene yandipambanitsa dzulo. Chimene chasintha masewero anga ndi kutchinga, ndipo apa ndifotokoze mofatsa chifukwa palibe amene anandiuzapo ndili mwana.

Mu Tekken chomenya chilichonse chimalowera pamalo amodzi mwa atatu: kumutu, pakati kapena kumiyendo. Ukaima chilili n'kukokera chala kumbuyo, umatchinga za kumutu ndi za pakati, koma miyendo yako ili poyera. Ukanjuta, umatchinga za kumiyendo ndipo za kumutu zimangodutsa pamwamba pako, koma ya pakati imakulowa yonse. Palibe kaimidwe kotchinga zonse zitatu. Ndiye nkhondo yeniyeni ili m'maganizo: kodi mnzanguyu akuyembekeza kuti ndinjuta, kapena ndiima? Nkhonya ya Paul ija imalowera pakati. Ndiye kuti ntchito yanga ndi kumusautsa mdani ndi timatheche ta kumiyendo mpaka atatopa n'kunjuta, ndipo akangonjuta, nkhonya ija imupeze. Poyamba ndinkaiponya paliponse, mnyamata uja n'kumangoitchinga n'kundibwezera. Tsiku limene ndinaisunga mpaka atanjuta, anatembenuka n'kundiyang'ana, amvekere, "Amalume, mwaphunzira kuti zimenezi?"

Chachiwiri ndi kuzinda cha m'mbali. Ukagogoda muvi wa m'mwamba kapena wa pansi kamodzi mofulumira, munthu wako amasuntha kulowa mkati mwa bwalo kapena kutulukira cha kwa iwe. Mu Tekken 2 anthu ankadumpha m'mwamba kwambiri ngati alibe kulemera, ndipo kuzinda kotere kunalibe kwa ambiri. Mu Tekken 3 anachepetsa kudumpha n'kupatsa aliyense kuzinda. Apa ndi pomwe gemuyi inakhaladi ya bwalo lozungulira, osati ya mzere umodzi. Ine sindinafikebe pokhulupirira kuzindaku. Ndikazinda nkhonya yolunjika, zimayenda, ndimapezeka pambali pake iye ali chitsegukire. Koma Hwoarang amene mnyamatayu amamukonda ali ndi matheche ozungulira a taekwondo amene amakupeza ngakhale wasuntha. Ndikuphunzira kusiyanitsa poyang'ana phazi limene wayimira, makamaka akanyamula mwendo umodzi n'kuima ngati kakowa.

Kuthawa akakugwira kuti akugwetse ndiye kudakali kutali. Ndikudziwa lamulo lake: akagwira ndi bokosi ndi X, umamasuka podina bokosi, akagwira ndi triangle ndi O, umadina triangle. Kudziwa ndi kwina, kuona dzanja limene latsogola m'kanthawi kochepa kotero ndi kwinanso. King akandigwira, nthawi zambiri ndimangoonerera.

Za anthu obisika zikuyenda bwino. Gemu imayamba ndi anthu 10, ndipo ukamaliza Arcade, komwe umamenyana ndi adani a kompyuta mmodzimmodzi mpaka womaliza, ndi munthu watsopano, wina amatseguka. Ndatsegula Kuma, Julia, Gun Jack, Mokujin, Anna, Bryan, Heihachi ndi Ogre. Mokujin, chidole chamtengo chija, ndamuyamba kumukonda pa chifukwa chimene sindinkayembekeza. Alibe kamenyedwe kakekake, raundi iliyonse amabwereka ka munthu wina, ndiye uyenera kuzindikira kuti lero ndi ndani pongoona mmene waimira. Ndi mayeso abwino oona ngati anthu ako ukuwadziwadi. Ndimazindikira msanga akakhala Law, Xiaoyu kapena Eddy. Nina ndi Anna amandisokoneza.

Sabata yachinayi ndinataya ntchito ya usiku wonse. Ndinali nditamaliza Arcade ndi anthu atatu motsatizana, magetsi n'kuzima ndisanasunge. Atayaka, onse amene ndinatsegula usiku umenewo kunalibe. Zinandiwawa kwambiri. Kuyambira pamenepo ndinayatsa zoti izisunga yokha. Gemu yonseyi imangodya malo amodzi mwa 15 a pa memory card, choncho palibe chifukwa choumira.

Mwa amene atsala, amene akundisowetsa tulo ndi Dr. Bosconovitch. Iyeyu satseguka ndi Arcade. Uyenera kulowa mu Tekken Force, komwe umayenda kulowera kumanja n'kumamenya asilikali a Heihachi obwera m'magulu, nthawi ikuwerengedwa, ndipo moyo umabwerera ukatola nkhuku, mawu aja n'kumveka akuti "Chicken!" Ukamaliza koyamba amakupatsa kiyi wa mkuwa, kachiwiri wa siliva, kachitatu wa golide, ndipo ulendo wachinayi ndi pomwe umakumana ndi dokotalayo. Ine ndili ndi makiyi awiri. Vuto la Tekken Force ndi loti zonse ndaphunzira zija za kudikira sizigwira ntchito kwenikweni, chifukwa adani amabwera kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo Paul amachedwa kutembenuka. Ndayesa ndi Law, wa manja ofulumira, ndipo ndafika patali kuposa ndi Paul. Wa golide ndikufuna ndimupeze Loweruka likubwerali. Gon, kadinosa kakang'ono kachikasu kaja kochokera m'nthabwala zojambula za ku Japan, ndinamupeza kale pomugonjetsa pa Tekken Ball, masewero a mpira wa m'mbali mwa nyanja aja. Ana amamukonda chifukwa ndi wamfupi moti nkhonya zambiri zimamudutsa pamwamba.

Ndinenepo za makina enieniwo. Chimbale changa ndi cha PAL, mtundu umene unapita ku Ulaya ndi kumwera kwa Africa kuno, ndipo chimayenda pa 50 Hz pomwe cha ku Japan ndi ku America chimayenda pa 60. Ndiye kuti Tekken 3 imene tinakulira ambiri a ife ndi yochedwerapo kusiyana ndi imene Namco inapanga poyamba. Nditaona kanema wa anthu akusewera ya 60 Hz pa YouTube, ndinaona ngati amuthamangitsa dala. Sindikudandaula, manja anga anazolowera liwiro limeneli. Chimene sindinalole ndi TV yatsopano yopyapyala ya pabalaza. Pa imeneyo chithunzi chimaoneka chophwanyikaphwanyika, ndipo pamakhala kakuchedwa pakati pa kudina ndi kuona, kochepa koma kokwanira kukuphonyetsa kutchinga. Ndinakatenga TV yakale yamsana waukulu imene inali kwa amayi, ndinaiika pa tebulo la kuchipinda, ndipo kutchinga kwanga kunasintha tsiku lomwelo.

Diso lowerenga chimbale layamba kutopa. Nthawi zina chizindikiro cha PlayStation chimatuluka, kenako mdima, kamakina kakungolira mkati. Ndinapukuta disolo mofatsa ndi kathonje, ndipo zachepa. Anthu a makina oyambirira aja ankawatembenuza chadodolido kuti awerenge, ndipo ndinayesa usiku wina zitavuta, zinatheka. Kanema woyambirira uja, Jin Kazama akuvala magolovesi ake ofiira, amadukaduka pakati, koma nkhondo zenizenizo sizidodoma.

Pali kanthu kena ka m'nkhani ya gemuyi kamene kandichititsa kumukonda kwambiri Paul. Pa mpikisano wa m'gemuyi iye anagonjetsa aliyense mpaka Ogre yemwe, n'kunyamuka kupita kwawo akudziwa kuti wapambana. Sanadikire. Ogre anasandulika chilombo chachikulu chija, True Ogre, ndipo amene anachimaliza ndi Jin. Nthawi iliyonse ndikafika pa True Ogre ndi Paul, ndimamva ngati ndikumumalizira ntchito imene anaisiya. Chilombocho chikauluka n'kulavula moto, kutchinga sikuthandiza, uyenera kuchithamangira kunsi kapena kuzinda. Ndinafa ka 7 ndisanazindikire zimenezi.

Pa Survival, komwe umamenya adani motsatizana mpaka ugwe, ndafika anthu 11 ndi mzere umodzi wa moyo, kuchoka pa 4 sabata yoyamba. Amene amandithera kawirikawiri ndi Lei, chifukwa amagona pansi mwadala ndipo sindinadziwebe chomumenyera ali chigonere osadziika pangozi.

Mnyamata uja wanena kuti abweranso Lamlungu tikachoka ku tchalitchi, ndipo akuti wasiya Hwoarang, akufuna ayese King. Ndiye sabata ino nkhonya ndaiika pambali. Madzulo aliwonse ndizimuika King patsogolo panga, maso anga ali pa manja ake okha, mpaka ndizitha kuona kuti latsogola ndi lamanzere kapena lamanja.