Kanjedza wobisa maluwa ake m'nthaka

Sabata yathayi mphunzitsi wathu wa sayansi ya zomera anatipatsa ntchito yooneka ngati yaing'ono. Aliyense asankhe chomera chimodzi chimene chapatsidwa dzina la sayansi posachedwapa, awerenge mmene akatswiri anachifotokozera, kenako ayese kufotokoza chomera cha pakhomo pake mwa njira yomweyo. Ine ndinasankha Pinanga subterranea, kanjedza wa pachilumba cha Borneo, ndipo mpaka lero sanandichoke m'mutu.

Kanjedza ameneyu amamera m'nkhalango zowirira za m'malo otsika, kumene mvula imagwa chaka chonse ndipo pansi pamangokhala masamba owola. Ukamuona ungati ndi mbande ya kanjedza wina amene sanakule, chifukwa masamba ake amangotumphuka pansi, thunthu osaoneka. Chonsecho ndi wamkulu kale. Thunthu, maluwa ndi zipatso, zonse zili m'dothi. Masamba akewo amaima ngati fanulo, nkumakola zinyalala zogwa kuchokera m'mitengo ikuluikulu, ndipo zinyalalazo zikamaunjikana zimamukwirira koposa.

Ife a kuno zobereka pansi sitizidabwa. Aliyense amene analimapo mtedza amadziwa kuti kaduwa kachikasu kamaoneka pamwamba, kakafota pamatuluka kamchira kamene kamaboola dothi, mtedza nkukakhwimira pansi. Nzama nazo ndi chimodzimodzi. Koma apa duwa lenilenilo limaphukira mumdima, pansi pa nthaka. M'mitundu yoposa 2,500 ya banja la kanjedza, uyu ndiye woyamba kudziwika kuti amachita zimenezi, ndipo chomera china chodziwika ndi khalidwe lotere ndi kaduwa ka ku Australia kotchedwa Rhizanthella. Akanjedza anzake a gulu la Pinanga amadalira njuchi ndi tizilombo tina touluka kuti tisamutse mungu, ndiye akatswiri adakali kalikiliki kufufuza chimene chimagwira ntchito imeneyi pansi pa nthaka, poti zipatso amabereka ndithu, zambirinso.

Nkhani ya mmene anamupezera ndiyo inandigwira mtima. Mu 1997 katswiri wa zomera wa ku Malaysia, Paul Chai, ali m'nkhalango ya Lanjak Entimau ku Sarawak, dera la Malaysia pachilumba cha Borneo, anafuna kujambula kanjedza wamng'ono. Anayamba wachotsa zinyalala m'tsinde kuti chithunzi chioneke bwino, ndipo zipatso zinangoonekera. Mu 2017 Agusti Randi wa ku Indonesia anakumana ndi kanjedza yemweyu ku Kalimantan, mbali ya Borneo imene ili m'dziko la Indonesia. Iye anaona kuti nguluwe zimafukula zipatsozo nkudya, ndipo njere zimene anatola m'ndowe zake zinamera bwinobwino. Mu 2018 akatswiri a ku Kew, malo ofufuzirako za zomera ku London, anapita ku Lanjak Entimau kukatenga zitsanzo. Dzina lenilenilo linasindikizidwa mu 2023. Kuchokera pa tsiku limene Chai anapalasa zinyalala zija, panadutsa zaka 26.

Poyamba ndinkadabwa kuti nthawi yonseyo inkathera pati. Nditawerenga ndinamvetsa kuti kunena kuti "uwu ndi mtundu watsopano" ndi mlandu wofuna umboni. Umayenera kuyerekeza chomera chako ndi abale ake onse odziwika kale, ndipo gulu la Pinanga lokha lili ndi mitundu yoposa 140. Umayeza kutalika kwa tsamba, kuwerenga timasamba, kuona mmene maluwa akhalira pa phesi, kuyeza chipatso ndi njere. Kenako umasankha chitsanzo chimodzi chouma, chimene amachitcha holotype, nkuchisunga m'nyumba yosungiramo zomera zouma, yonga ija tili nayo ku Zomba. Dzinalo limamangiriridwa pa chitsanzo chimenecho mpaka kalekale, moti wina akadzakayika patapita zaka 100, adzapita kukachiona ndi maso ake. Dzina limakhala la Chilatini, mawu awiri, gulu ndi mtundu. Kale mafotokozedwe nawonso ankayenera kukhala m'Chilatini, koma kuyambira pa 1 January 2012 Chingerezi chinaloledwa.

Tsono pali chinthu chimodzi chimene ndachiganizira kuposa zonsezi. Anthu a ku Borneo ankamudziwa kale kanjedza ameneyu. Amafukula zipatso zake zofiira nkudya, ndipo ali ndi mayina ake angapo, monga pinang tanah, kutanthauza kanjedza wa m'dothi, ndi muring pelandok. Akatswiri amene anamupatsa dzina la sayansi aja sanabise zimenezi, anazilemba poyera, ndipo ine ndikuona kuti anachita bwino kwambiri. Akatswiri akhala akuyenda m'nkhalango za Borneo kwa zaka zambirimbiri, maso ali m'mwamba kufunafuna maluwa, nkumaponda pambali pa chomera chimene mlenje wa m'mudzi akanawalozera tsiku limodzi. Choncho mawu oti "chatsopano" tiziwamva molondola: ndi chatsopano m'mabuku a sayansi. M'kamwa mwa eni nkhalango ndi chakalekale.

Gawo lachiwiri la ntchito yathu linandiphunzitsa zomwezo ndi manja anga. Ndinasankha denje, therere limene limamera lokha kuseri kwa khola la mbuzi kwathu. Ndinazula lonse ndi mizu, poti tinauzidwa kuti tsamba lokha silikwanira, pamafunika duwa ndi chipatso. Ndinaliyala pakati pa manyuzipepala, tsamba limodzi nkulitembenuza kuti kunsi kuzioneka, pamwamba nkuika katoni ndi njerwa zinayi. Chitsanzo choyamba chinachita chuku chifukwa ndinatha masiku atatu osasintha mapepala, kunja kuli chinyezi. Chachiwiri ndinkasintha m'mawa uliwonse, ndipo chinauma bwino. Timaluwa tachikasu tija tinasanduka tofiirira, apo ndipo ndinazindikira chifukwa chake amatiumiriza kulemba mtundu wa duwa tili pomwepo, chomera chisanafote.

Pakapepala kophatika pa chitsanzo pamalembedwa tsiku, malo, dothi, kutalika kwa chomera, dzina la wotola, ndi mzere wina wa dzina la m'deralo pamodzi ndi ntchito yake. Mzere umenewu ambiri m'kalasi mwathu timaudumpha, kapena kungolembapo liwu limodzi mothamanga. Inenso ndinali nditangolemba kuti "denje, ndiwo".

Loweruka ndinatenga chitsanzo chija kupita nacho kwa agogo, ndinawapeza akusenda chimanga pamkeka. Anachiyang'ana, nkugwira kachipatso kake kakatali ndi zala ziwiri.

"Ameneyu ndi denje inde," anatero. "Koma watenga wa kuseri kwa khola. Kudambo kuli wina, masamba ake ndi osiyana, ndipo pophika saterera mofanana. Sunamuone?"

"Ayi agogo, sindinamuone. Mungandiperekeze?"

Anati dzuwa likapendeka. Ndinakonza manyuzipepala ena, kope ndi pensulo, ndipo pa tsamba latsopano ndinasiya mizere isanu yopanda kanthu pansi pa dzina la m'deralo, kuti zimene anene kudamboko zikwanepo.