Mbale imodzi, ana atatu

Sabata yatha ndinagona tulo tabwino koyamba patapita miyezi ingapo, ndipo chimene chinandigonetsa ndi mbale ya madzi amchere yomwe tinayanika padenga la khola la nkhuku.

Anzanga amene mumaphunzitsa ana pakhomo, za mavuto a sayansi sindichita kukuuzani. Masamu aliyense amagwira buku lake, ine n'kumachonga. Sayansi imafuna manja, ndipo ine ndili ndi ana atatu: chisamba wa zaka 13 amene akukonzekera mayeso a Sitandade 8, wapakati wa zaka 9, ndi mzime wa zaka 5. Tinayamba mu 2020 sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ndipo sitinabwererenso. Zaka zonsezi ndinkakonza maphunziro a sayansi osiyana, aliyense ake. Wamkulu magetsi, wapakati ziwalo za duwa, wamng'ono mayina a nyama. Ikamakwana 11 koloko mutu waima, ndiwo sizinapse, mzime akulira pakhomo la bafa chifukwa palibe akumuyang'ana.

Chinanditsegula maso ndi ulendo wa ku Kachulu, kumene tinapita kukagula matemba. Wapakati uja, mwana wosamva, anaviika chala m'nyanja ya Chilwa n'kulawa. "Amayi, madziwa akumveka kamchere. Nanga mcherewu wachokera kuti, poti Likangala amene amathira muno alibe mchere?" Ndinatsegula pakamwa kuti ndimukalipire za ukhondo, koma ndinangoti kakasi. Yankho ndinali nalo m'zidutswa. Ndinkadziwa kuti Chilwa alibe mtsinje wotulutsa madzi, kuti Likangala, Domasi, Thondwe ndi Phalombe amangothira osatulukanso, pamene nyanja ya Malawi ili ndi Shire. Ndinkadziwanso mawu oti evaporation, kutanthauza kusanduka nthunzi kwa madzi, amene ndinawaloweza ndili mwana. Koma zinthu ziwirizi zinali zisanakumanepo m'mutu mwanga. Mitsinje imakokolola timchere tochepa kwambiri kuchokera m'miyala ndi m'nthaka, dzuwa limatenga madzi okha, mchere n'kumatsalira chaka ndi chaka. Basi. Ndinazimvetsa nditaima m'matope, ndili mayi wa ana atatu.

Titafika kunyumba tinasungunula supuni ya mchere m'madzi, n'kuthira m'mbale. Dzuwa la Okutobala la ku Zomba silichedwa. Patapita masiku awiri m'mbale munatsala mchere woyera wokhawokha.

Apa ndiye pali nkhani yanga yonse. Mbale inali imodzi, koma funso la aliyense linali lake. Mzime ndinangomufunsa kuti akuona chiyani, ananyambita, anakwinya nkhope, kenako anajambula mbale ndi dzuwa lokhala ndi mano. Wapakati ndinamupatsa mbale ina yoti aike pamthunzi ndi kapu yokhala ndi madzi ofanana, m'mawa uliwonse n'kumaika chizindikiro pamene madzi afika. Anapeza yekha kuti mbale yotambalala imauma msanga kuposa kapu, ndipo ndi iyeyo amene ananena kuti Chilwa ndi mbale, nyanja ya Malawi ndi kapu. Sindinamuuze ine. Chilwa ndi wosaya moti asodzi ambiri amayendetsa mabwato pokankha pansi ndi nsungwi, n'chifukwa chake inaphwa mu 1968 ndi mu 1995 mvula itavuta. Chisamba ntchito yake inali yowiritsa madzi amchere pambaula, kutenga madontho a pachivindikiro n'kulawa, kenako kulemba m'Chingerezi chifukwa chake madonthowo alibe mchere, ndi mawu a pamayeso aja: solute, solvent, solution.

Ndipo chimene chinandikoma kwambiri, ndinamuuza kuti afotokozere mlongo wake wamng'ono m'Chichewa. Anayamba monyada, kenako anakakamira. Mzime anamufunsa kuti, "Achimwene, madziwo apita kuti?" Iye anati asanduka nthunzi. "Nanga nthunziyo ili kuti, ine sindikuiona?" Mnyamata amene amakhoza bwino mafunso a m'mapepala a MANEB akale anakanda mutu. Mwana wa zaka 5 ndi woyesa mayeso woopsa kuposa aliyense.

Panopa ndafika poganiza kuti kugawa sayansi m'makalasi n'kungodzivutitsa, kuti mutu uliwonse ungathe kuphunzitsidwa chonchi, chinthu chimodzi patebulo ndi mafunso atatu. Bambo a ana akuti ndatengeka ngati munthu amene wagula njinga yatsopano. Mwina. Koma ndikakumbukira mmene anandiphunzitsira ine, mtima umandiwawa. Aphunzitsi athu anajambula mtambo, phiri ndi mivi pabolodi, ife n'kumaimba evaporation, condensation, precipitation ngati nyimbo ya kwaya, wolakwitsa n'kulandira chikwapu. Poto ndi chivindikiro zinali m'nyumba ya aliyense wa ife, koma palibe anaganiza zobwera nazo. Ndisaname, tinalipo oposa 100 m'kalasi ija, ndipo ine ana atatu okha amandizunguza mutu. Komabe zaka zonsezi ndinkayenda ndi mawu opanda kanthu m'kati.

Nthawi nayo ikundithawa. Mbale ija inadya sabata yathunthu, pamene silabasi ya chisamba ili ndi mitu yambiri yomwe sitinaikhudze, ndipo mayeso sadikira kuti munthu amvetse kaye.

Dzulo tinayesa njira yomweyi ndi magetsi: mabatire awiri, waya ndi babu la tochi. Babu linayaka, mzime anaomba m'manja, wapakati anayesa kulumikiza ndi supuni ndi kamtengo n'kuona kuti supuni yokha ndiyo ikuyatsa. Koma chisamba atafunsa kuti kwenikweni n'chiyani chikuyenda m'wayamo, ndinati ma electron, n'kumva ndekha kuti ndayambanso kuimba nyimbo ya kwaya ija. Mchere unkaoneka, unkalawika. Izi sizioneka. Chaka chamawa akalowa Fomu 1 kukubwera chemistry ndi physics, ndipo ine labotale yanga ndi mbaula ndi denga la khola. Kaya mbale imodzi idzatifikitsa kumeneko, kaya ndiyambe kufunafuna mphunzitsi woti azibwera Loweruka, sindinaganize bwinobwino.