Mijigo yanga ya ku Mabvuku inakathera m'nyanja, lero ndamvetsa chifukwa chake

Abale anga, magetsi angobwera kumene cha m'ma 11 usiku uno ndiye ndati ndilembe izi zisanandithawe m'mutu, chifukwa masabata atatu athunthu QGIS, pulogalamu yopangira mapu pa kompyuta, yakhala ikundisowetsa tulo ndipo lero lokha ndi pamene mtima wakhala pansi. Za kuika pulogalamuyi pa laputopu, kulowetsa layer, kusintha mitundu ndi zina zotero sindinena, nonse a m'kalasi mwathu mumazidziwa kale. Ine chimene chimandipha chinali CRS basi, dongosolo limene limauza kompyuta kuti manambala a mu fayilo akuimira malo ati pa dziko.

Ntchito imene ndinasankha ndi yoika pa mapu mijigo ya ku Mabvuku ndi ku Tafara, madera a kuno ku Harare, kenako ndione nyumba zimene zili kutali ndi mjigo kuposa mamita 500. Amene munakulira kuno mukudziwa chifukwa chake, madzi a m'mipopi ndi nkhani yakale, amayi ndi ana amadzuka kusanache kukaima pa mzere ndi zigubu, ineyo ndakankhapo wilibala kuyambira ndili wamng'ono. Ndiye ntchitoyi kwa ine si yongofuna mamakisi ayi. Ndinayenda ndekha Loweruka awiri ndi foni m'manja, mjigo ulionse ndikuima pompo kulemba latitude ndi longitude, madzulo ndikuziika mu CSV. Misewu anandipatsa mnzanga wina pa WhatsApp, shapefile, mtundu wa fayilo ya mapu, imene nayenso anapatsidwa ndi munthu wina, ndipo inabwera mafayilo atatu okha, shp, shx ndi dbf. Ka prj, kamene kamasunga CRS, kanalibepo. Nthawi imeneyo sindinaone vuto, ndimangoti bola yatseguka.

Tsiku loyamba madontho anga anakagwera m'nyanja ya Atlantic, cha kufupi ndi Madeira. Limenelo silinanditengere nthawi, ndinali nditatembenuza, pakamwa timayamba kutchula latitude koma mu bokosi lija X ndi longitude, 31 uja, ndipo Y ndiye minus 17. Ndinakonza madontho n'kubwerera ku Harare, ndinasangalala kwambiri. Koma misewu ija inali ndi kachizindikiro ka funso pambali pake ndipo siimaoneka paliponse pafupi. Ndinakumbuka kuti m'kalasi anatchulapo UTM zone 36, CRS yoyeza mu mamita imene imagawa dziko m'zigawo, ndinasaka pa mndandanda, ndinadina yoyamba imene ndinaiona, misewu ya ku Tafara n'kukapezeka m'nyanja kumpoto kwa Norway. Ndinaganiza kuti mwina olakwa ndi madontho anga, ndiye poti mapu a OpenStreetMap amene ndinaika pansi ali mu CRS ya nambala EPSG:3857 ndinati zonse zifanane, ndinapita pa Set Layer CRS n'kuuza madontho anga kuti nawonso ndi 3857. Onse anaunjikana kukhala kadontho kamodzi m'nyanja kumwera kwa Ghana. Apa ndiye ndinangotseka laputopu n'kukhala duu.

Masiku otsatira ndinkangochita zomwezomwezo, kusintha nambala iyi, kusintha iyo, kufufuta QGIS yonse n'kuikanso poganiza kuti mwina yaonongeka, data yanga ya mwezi wonse inathera pa kudawunilodanso chinthu chimene chinalibe vuto lililonse.

Chimene chanditsegula maso si buku kapena vidiyo ayi, ndi amalume anga. Ali ndi katakishopu pafupi ndi kunyumba ndipo madzulo ano ndinali nditakhala pa benchi pawo ndikuchajitsa foni pa sola yawo. Kunabwera mnyamata wina akufunsa mtengo wa chinthu, anzake kumbali anamuuza kuti 30, iye akutulutsa ndalama amalume anamufunsa kuti, "30 ya chiyani mwanawe, ZiG kapena US?" ZiG ndi ndalama ya kuno ku Zimbabwe, US ndi madola a ku America. Ine mutu unangoti phwaa. Nambala payokha si mtengo. Mpaka udziwe kuti ndi ndalama yanji. Ndipo ukatenga 30 ya ZiG n'kulembapo ndi cholembera kuti US siisanduka madola, wangonamiza munthu basi, kuti ikhale madola uyenera kukaisinthitsa pa reti, ndipo ikasinthidwa nambala ija imasinthanso, sikhalanso 30.

Ndinathamangira kunyumba osadikira kuti foni idzaze, amalume akundikuwira kuti iwe watani, ine ndikuti ndibweranso amalume.

Set Layer CRS, komanso Assign Projection ya mu toolbox, ndi kulemba dzina pa ndalama. Manambala a mu fayilo sasintha ngakhale pang'ono, iwe ukungouza QGIS kuti awerenge ngati chiyani. Reproject Layer ndiye kusinthitsa pa reti, imatenga manambala n'kuwawerengetsera kukhala ena atsopano pamene malo enieniwo ali pomwepo. Ndi zimenezi basi! Masabata atatu! Pamene ndinauza madontho anga kuti ndi 3857, QGIS inandimvera bwinobwino, inatenga 31 ndi minus 17 amene ali madigiri n'kuwawerenga ngati mamita, ndiye mamita 31 kum'mawa ndi mamita 17 kumwera kuchokera pamene equator imakumana ndi mzere wa Greenwich, ndipo malo amenewo ndi m'nyanja muja kumwera kwa Ghana. Mijigo imene italikirana makilomita angapo inatalikirana masentimita. Pulogalamuyo siinalakwe kalikonse, ine ndi amene ndinaipatsa dzina labodza.

Ya Norway nayo ndaimvetsa ndipo imeneyi ndiye yandisangalatsa kwambiri. Zone 36 ili pawiri, 36N imene ndi EPSG:32636 ndi 36S imene ndi EPSG:32736, kusiyana nambala imodzi yokha pakati. Ife a kumwera kwa equator kuti manambala asakhale a minus, equator amaipatsa 10000000 ndiye ukamatsika kumwera umachotsera. Harare ili pafupifupi makilomita 1970 kumwera kwa equator, ukachotsa pa 10 miliyoni paja umatsala ndi 8 miliyoni ndi kakuti, cha m'ma 8030000. Ine posankha 36N ndinauza kompyuta kuti iyende mamita 8 miliyoni kulowera kumpoto kuchokera pa equator, ndiye ikanakafika kuti kupanda ku Norway? Mu fayilo ya misewu ija munalinso nambala ina ya pafupi ndi 300000, imeneyo ndi chifukwa mzere wapakati wa zone yathu, 33 digiri kum'mawa, amaupatsa 500000, ife tili kumadzulo kwake ndi makilomita 200 kapena kuchepera pang'ono. Ndinatenga pepala n'kuwerengetsera ndekha ndi manja, zinagwirizana, ndinamva ngati ndilire.

Ndiye njira yanga tsopano ndi iyi ndipo ndikuikhulupirira ndi mtima wonse, layer iliyonse ikangolowa ndisanaigwire ndimatsegula Properties, Information, n'kuyang'ana Extent, manambala osonyeza malire a layer. Manambala aja amadziulula okha. Ukaona 31 ndi minus 17 dziwa kuti ndi madigiri. Ukaona 300000 ndi 8 miliyoni ndi UTM 36S. Ukaona 3 miliyoni ndi theka ndi minus 2 miliyoni imeneyo ndi 3857. Ukatero umaipatsa dzina lake loona, kamodzi kokha, osabwerezanso, kenako Reproject kupita ku 32736 n'kusunga mu GeoPackage. Ine ndikuona kuti munthu akangotsatira izi mavuto ambiri a CRS atha, zoona. Ndipo shapefile ndasiyana nayo, chinthu chimene chimayenda mafayilo anayi asanu ngati mbuzi zopanda m'busa, imodzi ikatsalira m'njira zonse zasokonekera, mayina a column nawonso imadula pa zilembo 10. GeoPackage ndi fayilo imodzi, CRS yake ili momwemo, ukatumiza pa WhatsApp yafika yonse.

Buffer, bwalo la mamita 500 lozungulira mjigo ulionse, nayo yatheka usiku uno. Poyamba ndinkalemba 500 pa layer ya 4326, CRS ya madigiri, n'kupeza chinthu chachikulu chophimba dziko lonse, kachenjezo kachikasu kanalipo pambali pa bokosi koma sindinkakawerenga, kamanena kuti mtundawo uli mu madigiri, ndipo digiri imodzi ndi makilomita pafupifupi 111 ndiye ganizani 500. Mnzanga wina anandiuza kuti iye anachitira buffer yake mu 3857 poti nayo ndi mamita ndipo inaoneka bwino. Aise ngati ukuwerenga izi chonde bwereza, 3857 imakokomeza mtunda ukamatalikira equator, pano pa Harare ndi pafupifupi 5 peresenti, ndiye 500 yakoyo pansi penipeni ndi mamita 476 basi. Pa chithunzi sizioneka koma pa nkhani ya nyumba zingati zili kutali ndi madzi mzere wonse wa nyumba ukhoza kugwera mbali yolakwika, ndipo m'nyumba zimenezo muli anthu amene timawadziwa.

Chimene chikundiwawa ndi choti zonsezi munthu akanatiuza mu mphindi zisanu. Aphunzitsi athu ndimawalemekeza, zinthu amazidziwa kwambiri, koma tsiku la CRS anatha ola lonse pa ellipsoid ndi geoid ndi zithunzi za dziko looneka ngati mbatata, ife tikungokopera, ndiye titafika pa kompyuta bokosi la CRS litatuluka anangoti dinani OK tipitirire nthawi yatha. Ndinadzutsa dzanja sabata yotsatira kufunsa za misewu yanga, anati yang'ana projection yako, n'kupita kwa wina. Kuyang'ana ndinkayang'ana, koma ndiyang'ane chiyani? Mwina kwa iwo ndi chinthu chaching'ono moti anaiwala kuti munthu angakodwe nacho. Komanso sindiwaimba mlandu okha, labu timalowa maola awiri pa sabata, tilipo ambiri, ena atatu pa kompyuta imodzi, ukabwerera kunyumba pa kombi wafika kwada magetsi kulibe, batire la laputopu yanga silidutsa ola. Umaphunzira zinthu moduladula ngati ukuba.

China chimene chimatisocheretsa ndi ubwino wake womwe wa QGIS. Kuyambira pa 3.0 ya 2018 imangosanjikiza yokha ma layer a CRS zosiyana pa sikirini popanda kukufunsa, ndiye umaona zonse zakhala pamodzi n'kuganiza kuti zili mu CRS imodzi pamene pansi pake fayilo iliyonse ili ndi manambala akeake. Ka EPSG ka pakona kumanja pansi paja ndi ka project, kamangonena mmene ukuonera, si ka fayilo yako. Ine ndinkasintha kameneko n'kumaganiza kuti ndasintha data. Komabe sindingaidandaule pulogalamuyi, Gary Sherman anaiyamba mu 2002 ikutchedwa Quantum GIS ndipo mpaka lero anthu akuikonza n'kumaipereka ulere, ine ndalama ya laisensi ya mapulogalamu enawo ndikanaitenga kuti, mwana wa ku Mabvuku. Ndinaonanso kuti Malawi yense ali mu zone 36S yomweyi, Lilongwe, Blantyre, Zomba, ndinawauza agogo kuti kwanu kumene munachoka kuja ndi kuno pa mapu anga ndi chigawo chimodzi, anangoseka n'kuti ndiye undijambulire mudzi wathu wa ku Dedza ndiuone. Ndawalonjeza.

Koma sikuti zonse zatha. Nditaipatsa misewu ija 32736 inabwera ku Tafara ndithu, koma siinagone ndendende pa misewu ya OpenStreetMap, yonse inasunthira mbali imodzi pafupifupi mamita 300, moti mjigo wina umene ndikuudziwa kuti uli m'mbali mwa msewu unaoneka uli pakati pa nyumba za anthu. Apa Extent yanga ija siinandithandize, chifukwa manambala a Arc 1950, muyeso wakale wa dziko, ndi a WGS 84, umene GPS imagwiritsa ntchito, amaoneka ofanana, onse 300000 ndi 8 miliyoni. Mapu akale a dziko lino ambiri anapangidwa pa Arc 1950, ndiye ndinayesa kuipatsa EPSG:20936, imene ndi UTM 36S ya pa Arc 1950, misewu inalumpha n'kukhala pafupifupi pamalo pake. Pafupifupi. QGIS inanditulutsira bokosi lina loti ndisankhe transformation, njira yosinthira manambala kuchoka ku Arc 1950 kupita ku WGS 84, pakati pa zingapo, iliyonse ndi accuracy yake, ndinasankha imene inalembedwa Zimbabwe, komabe m'malo ena pakutsala kampata ka mamita angapo ndipo sindikutha kusiyanitsa ngati ndi transformation imene ndasankha, kapena amene anajambula misewuyo dzanja linkanjenjemera, kapena ndi GPS ya foni yanga imene nayo imaphonya mamita angapo. Mwinanso fayiloyo si ya Arc 1950 n'komwe, ndangoganiza poti zayandikira, ndipo kuganizira kotereku ndi kumene kunandipititsa ku Norway.

Mnzanga wa ku Bulawayo nayenso wandifunsa ngati aike zake mu 32736 ngati ine, ndinatsala pang'ono kumuuza kuti eya kenako ndinakumbuka kuti iwo ali kumadzulo kwa 30 digiri, ndi zone 35S, ndiye mapu a dziko lonse la Zimbabwe munthu amachita bwanji poti lagawika pawiri, limenelo sindinalifikebe. Lipoti likufunika Lachisanu. Mawa ndikadzuka ndipita pa mphambano ina ya ku Tafara imene ikuoneka bwino pa ma layer onse awiri, ndikaime pakona penipeni ndi foni kwa mphindi zingapo ndilembe manambala, ndione kuti ikugwirizana ndi iti, kaya zindithandiza kaya zingondisokoneza, ndikaona komweko.