Injini zomangira pansi pa mtengo wa mango

Galaja yathu ili ku Biwi mu Lilongwe. Tinaitsegula ine ndi mlamu wanga titatopa kugwirira ntchito eni, ndipo poyamba tinkangodalira zing'onozing'ono: kusintha oyilo, mabuleki, mashoka. Ntchito imene inatikuza sitinaiganizirepo n'komwe. Ndi ya magalimoto amene eni ake anaika okha injini kunyumba, kenako zinthu n'kuvuta.

Anthuwa si opepera ayi. Ena ndi aphunzitsi, ena oyendetsa taxi, anthu okonda zitsulo, masipanala ali nawo ndipo YouTube amaionera mpaka usiku. Probox kapena Sienta ikanoka, amagula injini yakale yochokera ku Japan, kubwereka chain block yokwezera injini, kuikoleka pa nthambi ya mango Loweruka m'mawa. Lolemba foni yathu ikulira. Mawu ake amakhala amodzimodzi: "Achimwene, anandigulitsa injini yakufa." Tikapita kukaona, nthawi zambiri injiniyo imakhala yabwinobwino. Wogulitsa amangotukwanidwa ulele.

Chimene chatibweretsera ndalama zambiri ndi torque converter, chitsulo chimene chimapereka mphamvu ya injini ku giyabokosi. Pa galimoto ya automatic, chinthu chozungulirachi chimayenera kutsala m'giyabokosi pochotsa injini. Umayamba wamasula mabawuti ochigwirizitsa ku drive plate (mbale yachitsulo ya kumbuyo kwa injini), n'kuchikankhira m'mbuyo. Ambiri sadziwa, amakoka injini icho chili pomwepo. Pobwezera, converter imafunika kulowa kaye yokha m'giyabokosi, ukuizungulitsa pang'onopang'ono uku ukukankha, ndipo umaimva ikugwera m'kati kawiri kapena katatu mpaka itagwira pampu ya oyilo. Ikapanda kufika, injini ndi giyabokosi sizikumana, pamatsala mpata wolowa chala. Apa ndiye munthu amati mabawuti akoka okha. Amamanga, amamva kulimba, amawonjezera paipi ku sipanala. Pampu ija imasweka m'kati iye osamva kanthu. Galimoto imalira bwino ndithu, koma ukaika pa D siisuntha ngakhale pang'ono. Munthu amene amapulumutsa ndalama ya makanika uja tsopano akufunsa mtengo wa giyabokosi. Anyamata athu ndinawauza kuti zitsulo ziwirizi zikakana kugundana ndi manja okha, asagwire sipanala, abwezere injini m'mbuyo.

China chimene chimandipweteka mtima ndi kusafunsa chimene chinapha injini yoyamba. Injini siifa yokha. Ngati inawira chifukwa radiyeta yatsekeka ndi dzimbiri la madzi a pa mjigo, kapena fani inasiya kuzungulira, yatsopanoyo ikupita komweko, ndipo 1NZ-FE, injini ya Toyota imene imapezeka mu Probox ndi Sienta zambiri, ndi ya aluminiyamu, siipirira kutentha. Ndiye pali chizolowezi chathu chija chochotsa thermostat, kachipangizo kotsegulira madzi njira ya ku radiyeta injini ikafunda, ati kuno n'kotentha. Ine ndimakana poyera. Thermostat ya injini imeneyi imatseguka madzi akafika cha m'ma 82 digiri, ndipo kompyuta ya galimoto imayembekezera kutentha kumeneko. Mukaichotsa injini imachedwa kufunda, kompyuta imangothira petulo wambiri, inu n'kumadandaula kuti galimoto ikumwa ngati ya ukwati. Bambo wina wachikulire anandiyankha kuti, "Mwana wanga, ine ndayendetsa Peugeot zaka zambiri yopanda chimenecho." Ndinati, "Zoona madala, koma Peugeot yanu inalibe kompyuta." Anaseka, tinaibwezera.

Zina n'zachidule. Waya wa earth wochoka ku injini kupita ku bodi amaiwalika chifukwa amabisala kumbuyo. Ukaliza sitata magetsi amafuna njira ina, n'kuwotcha mawaya ang'onoang'ono. Injini yoti yakhala miyezi m'kontena imakhala youma m'kati, koma munthu amangothira oyilo n'kuliza, mwendo uli pa accelerator kuti aneba amve. Ife timachotsa mapulagi ndi fiyuzi ya pampu ya petulo, kuizungulitsa ndi sitata mpaka nyale ya oyilo itazima, kenako n'kuiliza. Seal ya kumbuyo kwa crankshaft nayo ndi yotchipa, ndipo injini ili pansi kuisintha n'kwa mphindi zochepa. Ikayamba kudontha mutamanga kale, giyabokosi itsikenso.

Pogula pomwe pamafunika maso. 1NZ-FE ya malita 1.5 ndi 2NZ-FE ya 1.3 zimafanana kwambiri kunja, choncho werengani zilembo zodindidwa pa block, osati pa chivindikiro cha pulasitiki chimene aliyense angasinthe. Ngakhale ma 1NZ okhaokha si amodzi: akale ali ndi throttle (polowera mpweya m'injini) ya kebulo, apambuyo ya magetsi, mapulagi a mawaya n'kusiyananso. Ndaonapo harness (mtolo wa mawaya a injini) yodulidwadulidwa ndi kumatidwa tepi chifukwa cha zimenezi, ndipo kuikonza kunatitengera nthawi yaitali kuposa kuika injiniyo. Risiti ya injini sunganinso, nambala yake ndi yosiyana ndi imene ili pa mapepala a galimoto.

Mlamu wanga ankati anthu otere tiziwakaniza, akutilanda ntchito. Ine ndinaona mwina. Munthu wokonda galimoto yake sungamuletse kuigwira, ndiye tinayamba kubwereketsa chain block ndi torque wrench (sipanala yoyeza kulimba kwa mabawuti) pa mtengo wochepa, koma pali lamulo: mnyamata wathu amabwera kawiri, pokumanitsa injini ndi giyabokosi, ndiponso asanailize koyamba. Amayang'ana converter, earth, madzi ndi oyilo, n'kuchotsa mpweya m'mapaipi a radiyeta. Ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi imene tinkapeza pa magiyabokosi osweka, mlamu amandikumbutsa zimenezo mwezi ukatha. Koma anthu omwewo ndi amene amatibweretsera magalimoto a abale awo ndi a kuntchito kwawo, ndipo chain block yathu Loweruka siikhala pa galaja.